Khadi la alamu, ng'ombe za ababa

Kwathu ku Nsanje, mawu oti inshuwalansi timawadziwira pa galasi la minibasi. Ndi kapepala kaja komata kutsogolo, kamene apolisi amasuzumira pa rodibuloko ya pa Thabwa asanakweze dzanja kuti dutsani. Kupitirira pamenepo ambirife sitiganizako. Khadi lachipatala nalo timangoliti "MASM", kaya ndi la kampani iti, monga mmene mankhwala aliwonse otsukira mano timawatchulira Colgate. Munthu akakhala nalo timamuona ngati wawoloka kale: akadwala sakaima pamzere, zikavutitsitsa amukweza ndege ya ku India. Zimenezo n'zoona pang'ono chabe. Kuseri kwa khadi lililonse kuli pangano la masamba ambiri, la zilembo zing'onozing'ono, ndipo ndi panganolo, osati khadi, limene limanena ngati m'bale wako akwere ndege kapena ayi.

Ine ndinaliwerenga lonse chifukwa cha achemwali anga.

Iwo ndi oyamba kubadwa kwathu, ndipo ndi amene ankagulitsa mandasi ndi nsomba zouma pa Bangula kuti ine ndisabwezedwe fizi ku sekondale. Atangobereka mwana wachiwiri anayamba kubanika. Poyamba tonse tinkati ndi dzuwa. Amene anakhalapo kuchigwa kuno mwezi wa Okutobala akudziwa kuti ngakhale mbuzi zimapuma wefuwefu pansi pa mtengo. Koma nyengo inasintha, befu osatha. Kuchokera pa mjigo kufika pakhomo ankatula ndowa kawiri. Usiku ankagona chokhala atatsamira khoma, mapazi atatupa. Pa chipatala cha boma cha Nsanje anawalembera kalata ya ku Gulupu, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 180, wokwera zitunda za ku Chikwawa zija zimene zimatseka makutu. Kumeneko, mu Julayi 2023, anawajambula mtima.

Adokotala anatifotokozera mosavuta. Mtima uli ndi mavalavu anayi, ogwira ntchito ngati valavu ya chubu cha njinga: magazi azidutsa kupita mbali imodzi, asabwerere. Valavu imodzi ya achemwali, ya mbali ya kumanzere, inali itauma ndi kufinyika, moti magazi ankadikha m'mapapo. Gwero lake linatidabwitsa tonse: zilonda zapakhosi za paubwana. Pali kachilombo kena kamene kamayambitsa zilonda zapakhosi mwa ana. Kakapanda kuphedwa ndi penisilini, thupi polimbana nako limatha kuvulaza mavalavu ake omwe, ndipo vutolo limakula mwakachetechete zaka khumi, zaka makumi awiri, mpaka mimba kapena ntchito yolemetsa idzaliulule. Anati valavuyo iyenera kusinthidwa, ndipo opaleshoni yotsegula chifuwa yotere Amalawi ambiri akhala akukachitira kunja: ku India, ku South Africa, ena ku Tanzania. "Si za mawa m'mawa," anatero, "koma si zodikira zaka." Pa mapepala analemba kuti ndi opaleshoni yokonzekera, osati yadzidzidzi.

Njira zopitira kunja zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya boma: Unduna wa Zaumoyo uli ndi komiti imene imaunika odwala ofunika kutumizidwa kunja, boma n'kulipira. Yapulumutsa anthu ambiri, koma ofuna ndi ochuluka kuposa ndalama zimene zilipo, ndiye pamakhala kudikira. Yachiwiri ndi ya thumba lako, ya anthu amene ali ndi nyumba ku Namiwawa yoti agulitse. Yachitatu ndi sikimu yachipatala. Dziko lathu lilibe inshuwalansi ya zaumoyo ya anthu onse. Zipatala za boma ndi zaulere, ndipo makhadi ali ndi anthu ochepa, makamaka a ntchito zolembedwa. Mwa mwayi, alamu ankayendetsa galimoto ku bungwe lina lothandiza anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira, ndipo achemwali anali pa khadi lawo kuyambira 2020. Ababa atamva anapumira m'mwamba: "Basi, a kampani alipira." Ine ndinapempha alamu kuti akanditengere pangano ku ofesi kwawo.

Choyamba chimene ndinapeza ndi choti sikimu ili ndi magawo, ngati mabasi a pa Wenela: ilipo ya wamba, ilipo ya mipando yogoneka. Gawo lotsika limakufikitsa ku makiliniki ndi zipatala za mishoni. Lapakati limawonjezera zipatala zikuluzikulu zolipira. Chithandizo chakunja nthawi zambiri chimakhala m'gawo lapamwamba lokha. Koma makhadi onsewo m'chikwama amaoneka ofanana, ndipo ambiri amene ali nawo sadziwa kuti akhala mpando uti kufikira tsiku lovuta. Bungwe la alamu linali litaika antchito ake onse, ndi madalaivala omwe, pa gawo lapamwamba. Amene anasankha zimenezo mu ofesi ina ku Lilongwe, Mulungu amukumbukire.

Chachiwiri ndi masiku. Inshuwalansi sigulidwa nyumba ikupsa. Ukalowa kumene pamakhala nthawi yodikira, ndipo ya zinthu zikuluzikulu ngati opaleshoni yakunja imakhala yaitali ndithu. Ukakwera gawo chifukwa wamva kuti wadwala, kuwerenga masiku kumayambiranso. Ndiye pali ndime ya matenda amene unali nawo kale usanalowe. Apa m'pamene m'mimba munanditentha, chifukwa adokotala anali atanena okha kuti vutoli linayamba paubwana. A sikimu anapempha kabuku kakuchipatala kakale. Kabukuko kanapita ndi madzi a Januwale 2015, limodzi ndi masatifiketi, zithunzi za ukwati wa amayi ndi nkhokwe ya mapira. Munthu wa kuchigwa mbiri yake yonse yachipatala imakhala m'kabuku ka pepala, m'nyumba ya zidina, m'mbali mwa Shire. Chinatipulumutsa ndi kalata ya adokotala a ku Gulupu yonena kuti matendawa anapezeka koyamba mu 2023, achemwali atakhala kale zaka zitatu pa sikimu.

Chachitatu ndi chilolezo. Pa ngozi umathamangira kuchipatala, mapepala pambuyo. Pa opaleshoni yokonzekera, mapepala patsogolo. Pamafunika kalata ya katswiri yonena kuti chithandizochi chikufunika kunja, kotesheni yochokera ku chipatala chakunjako, ndi kuvomereza kwa madokotala a sikimu, zonsezi usanagule tikiti. Ukanyamuka wekha chifukwa chothedwa nzeru, pobwera ndi malisiti ako adzangokuuza kuti pepani. Ndiponso sikuti umangoloza chipatala chimene wachiona pa Facebook; umasankha mwa zimene iwo ali nazo pa mgwirizano. Mapepala amenewa anatidyera miyezi itatu, achemwali akugonabe chokhala.

Chachinayi ndi chimene chinatigwetsa pansi. Sikimu silipira "zonse". Ili ndi malire a pachaka, ndipo malire athu analembedwa m'makwacha, pamene chipatala cha ku India chimalemba kotesheni m'madola. Kumapeto kwa Okutobala 2023 ndinawerengera pa foni: malirewo ankakwanira bilu yonse yachipatala, n'kutsalako kachenji. Tinagona tulo. Pa 9 Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 ku banki inafika pa K1,700. Pa madola 1,000 aliwonse panawonjezekera K520,000. Matenda omwewo, valavu yomweyo, kalata yomweyo, koma khadi linali litafupika usiku umodzi ngati nsalu yochapidwa koyamba. Mayi wa ku ofesi ya sikimu sanabise: "Asisi, ife tilipira mpaka pamene pangano lanena. Chapamwambacho ndi chanu." Sindingamunene. Linali pangano lomwe lija ndinaliwerenga.

Ndipo bilu yachipatala ndi mutu chabe wa ng'ona. Thupi lili m'madzi. Aliyense amene anagonekapo wodwala ku Malawi kuno akudziwa kuti palibe wodwala wopanda gadiyani, woti amusambitse, amutembenuze, amumvere zimene adokotala anena. M'pangano lathu tikiti ya wodwala inalimo, ya gadiyani munalibe. Malo ogona kunja kwa chipatala munalibe. Chakudya, viza, pasipoti, maulendo a Nsanje ndi Blantyre okasainitsa mapepala, munalibe. Komanso akakutulutsa m'chipatala sukwera ndege mawa lake. Umakhala kaye pafupi masabata angapo mpaka madokotala atalemba kuti ukhoza kuyenda. Masiku onsewo ndi a thumba lako, m'ndalama zakunja zimene nthawi imeneyo zinkaoneka pa bolodi la mitengo pokha, ukafika pa kauntala akuti zatha.

Msuweni wathu wa ku Johannesburg analemba pa gulu la WhatsApp la banja kuti, "Bwanji mungogula inshuwalansi ya paulendo? Ndi yotchipa, anthu amagula akamapita ku Ulaya." Ndinakafunsa kwa ogulitsa matikiti a ndege ku Blantyre. Bambo amene ndinamupeza akanatha kungolandira ndalama, koma anati: "Asisi, ndikuuzeni zoona kuti musataye ndalama zanu. Imeneyi ndi ya munthu amene wanyamuka ali bwinobwino n'kukadwalira komweko kapena kuchita ngozi. Amene wanyamuka ndi matenda ake kukafuna chithandizo, simukhudza." Apa m'pamene mawu aja oti yokonzekera amalumira. Inshuwalansi imateteza ku zinthu zimene sizinadziwike. Chimene chadziwika kale, chokhala ndi tsiku lake ndi dzina la dokotala, kwa iwo si tsoka ayi, ndi bilu.

Funso lovuta kuposa onse anafunsa ndi ababa. Tinali pa mkeka madzulo, achemwali atalowa m'nyumba. Anayankhula m'Chisena, motsitsa mawu, maso ali ku khola: "Mwananga, iwe wawerenga mapepalawo. Zikakanika konko, abwera bwanji?" Palibe amene ankafuna kulitchula, koma aliyense ankaliganiza. Kwathu munthu amagona pakati pa makolo ake. Kusiya mwana m'dothi la eni ndi chilonda chosapola. Ndipo kubweretsa thupi pa ndege kuchokera ku India ndi ndalama zoti banja ngati lathu silingazipeze pa sabata imodzi. Ndinabwerera ku pangano usiku womwewo ndi tochi ya pafoni. Ndimeyo inalimo, tsamba lachiwiri kuchokera kumapeto, ndi malire akeake. M'mawa ndinawauza kuti ilimo. Anangoti, "Takhuta," n'kupita kukatsegulira ng'ombe.

Ng'ombezo ndiye inshuwalansi imene ababa amaidziwa. Kuchigwa kuno khola ndi banki, ndi penshoni, ndi sikimu yachipatala. Mwana akasankhidwa ku yunivesite ng'ombe imatuluka. Digiri yanga inadya ziwiri. Pamwamba pa khola pali inshuwalansi ina yosalembedwa: ukapita kumaliro ndi mbale ya ufa, ukasonkha ku banki m'khonde, ukathandiza kukweza denga la mnansi, ukusunga. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Inshuwalansi imeneyi ilibe nthawi yodikira, sifunsa ngati matenda unali nawo kale, ndipo mawu oti banja siwamva ngati mmene imawamvera fomu ya sikimu, imene imadziwa mwamuna, mkazi ndi ana basi. Iyo imadziwa azakhali, imadziwa agogo, imadziwa mwana wamasiye amene mukumulera.

Koma nayo ili ndi pofooka pake, ndipo pofookapo ndi madzi. Inshuwalansi iliyonse imayenda chifukwa osonkha ndi ambiri, ovutika pa nthawi imodzi n'kukhala ochepa. Namondwe sasankha nyumba imodzi. Namondwe wa Ana anabwera mu Januwale 2022, wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo anthu amene akanatithandiza anali atangotuluka kumene m'misasa, ena akudya nyika za m'dambo. Ababa anali ndi ng'ombe 11 Freddy asanabwere, zinatsala zinayi. Ogula ng'ombe nawo amanunkhiza mavuto: akadziwa kuti pakhomo pali wodwala, mtengo amatchula ndi iwo. Ndiye taonani, khadi la alamu linafupika ndi kugwa kwa kwacha, khola la ababa linachepa ndi madzi, zonse m'chaka chimodzi. Palibe mwa ziwirizi chimene chikanawakweza ndege achemwali pachokha.

Zinawakweza zitaphatikizana. Ng'ombe zitatu zinapita, inatsala yaikazi imodzi ya bere. Amayi anatenga ngongole ku banki m'khonde, amayi anzawo atagwirizana kuti mwezi umenewo wina aliyense asabwereke. Kwaya ya achemwali inayenda nyumba ndi nyumba. Anzanga a ku koleji, ambiri a iwo ali pa ulova monga mukudziwira, ankatumiza K2,000, K5,000 pa Airtel Money ndi Mpamba, ena ndi kauthenga koti "pepa aise, n'zomwe ndili nazo". Msuweni uja anatumiza marandi, ndipo kamodzi kokhako kugwa kwa kwacha kunatikomera. Agogo ena a ku tchalitchi anabwera ndi nkhuku yamoyo m'khwapa. Zonse ndinazilemba m'kope, dzina ndi ndalama, chifukwa imeneyo ndi ngongole ngakhale palibe amene adzaitchule.

Tinanyamuka mu Febuluwale 2024, kukwerera pa Chileka, kusintha ndege ku Addis Ababa, kukatera ku Delhi. Gadiyani ndinali ine, chifukwa cha Chingerezi, komanso chifukwa alamu sakanachoka: khadi limakhala ndi moyo pokhapokha mwini wake ali pantchito. Mwamuna anatsala akulimbana ndi matope a ku Makhanga, mkazi wake akutsegulidwa chifuwa kutsidya kwa nyanja, kuti pepala lisafe. M'nyumba ya alendo imene tinkakhala munali anthu a ku Nigeria, a ku Tanzania, a ku Ethiopia, aliyense ndi wodwala wake ndi kope lake la masamu. Kukhitchini, ndikuphika nsima ya ufa umene tinanyamula, nkhani inali imodzimodzi: sikimu yalipira zingati, nanga inu mwagulitsa chiyani.

Opaleshoni isanachitike anawafotokozera achemwali mitundu iwiri ya mavalavu. Yopangidwa kuchokera ku ng'ombe kapena nkhumba sifuna mankhwala oletsa magazi kuundana a moyo wonse, koma mwa munthu wachinyamata imatha msanga ndipo pamadzafunika opaleshoni ina. Yachitsulo imakhalitsa, koma umamwa warfarin tsiku lililonse mpaka kalekale, ndi kuyezetsa magazi pafupipafupi kuti mlingo usapose kapena kuperewera; mimba ina nayo imakhala nkhani yokambirana ndi madokotala kaye. Ndinawamasulira zonse. Iwo anafunsa funso limodzi: "Iti imene sindidzabweranso kuno?" Anasankha ngati munthu wodziwa kuti m'khola mwatsala ng'ombe imodzi. Opaleshoni inayenda bwino.

Lero m'chipinda mukakhala zii, valavuyo imamveka, ke-ke-ke, ngati wotchi yapamkono, ndipo ana awo amalimbirana kuika khutu pachifuwa. Koma nkhani ya inshuwalansi sinathere pa bwalo la ndege. Mu 2025, thandizo lakunja litadulidwa ndipo mabungwe ambiri atayamba kuchepetsa antchito, kontirakiti ya alamu sinawonjezedwe. Khadi linafera limodzi ndi ntchito. Likadali m'chikwama mwawo, lonyezimira bwinobwino. Akafuna kulowa sikimu ina lero, mtima uja tsopano ndi "matenda amene anali nawo kale". Mankhwala, kuyezetsa magazi ndi maulendo a ku Blantyre zabwerera kwa boma ndi kwa ife. Matendawa akanapezeka mochedwa ndi zaka ziwiri zokha, nkhani ino ikanakhala ina.

Ambiri amene mukuwerenga pano ndinu a msinkhu wanga. Ena mwangoyamba ntchito, akupatsani khadi, mwalijambula n'kuika pa status. Pitani mukapemphe pangano lenilenilo, muliwerenge mukadali bwino. Funsani kuti muli gawo liti, ndipo ngati chithandizo chakunja chilimo, cha kumayiko ati. Funsani nthawi yodikira. Funsani ngati malire ali m'makwacha kapena m'madola, ngati gadiyani alimo, ngati thupi limabwera. Funsani ngati amayi anu angalowe, ndi zaka zimene amalekezera kulandira okalamba. Funsani chimachitika n'chiyani ntchito ikatha, ngati mungapitirize kulipira nokha osayambiranso kuwerenga masiku. Ndi mafunso osakoma, ena amamveka ngati kudzilodza, koma amafunsika bwino uli pa mpando wa mu ofesi kusiyana ndi pa benchi la kuchipatala. Ndipo inu amene mulibe khadi, amene ndinu ochuluka, musanyoze kope la banki m'khonde la amayi anu, musamazembe zopereka za pa gulu. Ifeyo mbali yaikulu ya ulendo tinayendera pamenepo.

Mwezi watha mwana wamkulu wa achemwali, wa zaka 7, anadzuka akudandaula kukhosi, thupi lili moto. Kale tikanati amwe madzi ofunda a mandimu, tiona mawa. Achemwali anamukweza pa kabaza nthawi yomweyo, dzuwa lili paliwombo, ndipo sanachoke pa chipatala mpaka adokotala atamuyang'ana kukhosi ndi kumulembera mankhwala. Ulendo wonse, kupita ndi kubwera, sunafike pa mtengo wa nkhuku. Ng'ombe ija nayo inabereka kathole kakakazi. Ababa anena kale kuti kameneko sikagulitsidwa, ngakhale kubwere chilala.